Moyo wa Dr. James Aggrey, Mphunzitsi wa Aphunzitsi

Pa cikondwerero ici ca Yubile, pokumbukira iwo amene anatilambulira njira ya sukulu, tiyenera kuchula dzina la James Emman Kwegyir Aggrey, amene anaponda dziko lathu lino m'caka ca 1924.

Anabadwira ku Anomabu m'caka ca 1875, m'dziko la Gold Coast, locedwa Ghana tsopano. Anaphunzira pa sukulu ya misyoni ya Wesleyan ku Cape Coast, nayamba kuphunzitsa akali mnyamata, kufikira anamuika mkulu wa sukulu. Koma anaona kuti cidziwitso cace cacepa. Tsono m'caka ca 1898 anasiya mpandowo, naoloka nyanja kunka ku America, nalowa Livingstone College, nalandira digiri yace yoyamba mu 1902. Anatsala komweko zaka zambiri alikuphunzitsa, nawetanso mipingo ya alimi osauka a kumidzi. Mu 1922 analandira digiri yina ku Columbia University.

Masiku amenewo munthu wakuda sanali kukhulupiridwa msanga pa nchito zazikuru. Cifukwa cace makalata a maphunzirowa anamtsegulira makomo otsekeka kwa anzace. Anasankhidwa kawiri kuyenda ndi amithenga a bungwe la Phelps-Stokes kukazonda sukulu za mu Africa, ndipo pa ulendo waciwiri anafika kuno. Pambuyo pace anakhala waciwiri kwa mkulu wa sukulu yaikuru ya Achimota, kwao ku Gold Coast.

Cinamtsalira cinthu cimodzi: buku limene anayenera kulemba kuti alandire digiri ya pamwamba ya ku Columbia. Anabwerera ku America kukalitsiriza, koma anadwala, namwalira ku New York pa 30 July 1927, bukulo lisanathe.

Abale, tiphunzirepo ziwiri. Coyamba, tisapeputse mayeso ndi setifiketi, pakuti wozisowa amatsala pakhomo pamene anzace alowa nchito nakwezedwa. Tilimbikitse ana athu, anyamata ndi atsikana omwe, kutsiriza sukulu. Caciwiri, inu aphunzitsi ndi akatekisti a setifiketi yaing'ono, amene muona acicepere akukupitirirani pa malipiro, musafoke mtima. Aggrey anatsikira kumanda wopanda digiri imene anaifunitsa, koma palibe amene amfunsa za iyo lero. Timkumbukira cifukwa ca anthu amene anawaphunzitsa.