Dunduzu Chisiza ndi Mabasi a ku Salisbury

Ine ndinakulira ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, kumene mtengo wa minibasi ukakwera, ambiri a ife timangoyamba kuyenda pansi. Nditamva koyamba za Rosa Parks, mayi wa ku Montgomery ku America amene anamangidwa pa 1 Disembala 1955 chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando m'basi, ndinkaganiza kuti nkhani zotere ndi zakutali. Agogo anga aamuna, amene anagwirako ntchito ku Halale m'masiku a chitaganya, ndiwo anandiuza kuti pamene anthu akuda a ku Montgomery ankanyanyala mabasi, ku Salisbury nakonso kunali kunyanyala, ndipo gulu limene linatsogolera linali ndi dzanja la mnyamata wa ku Nyasaland, Dunduzu Kaluli Chisiza.

Chisiza anabadwa mu 1930 kumpoto kwa dziko lino, m'mbali mwa nyanja. Anaphunzira ku Livingstonia, anagwirako ukalaliki ku Tanganyika, kenaka anakapitiriza maphunziro ku Uganda. Atafika ku Salisbury anapeza ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko la India. Mu 1955 iye, James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole anayambitsa gulu la achinyamata la City Youth League.

Tisafananize zinthu mopupuluma. Ku Montgomery nkhondo inali pa mpando, pomwe ku Salisbury, mu Seputembala 1956, inali pa mtengo wokwerera basi. Komabe muzu wake unali umodzi. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linagawa malo motsata khungu, choncho munthu wakuda ankagona ku Harari, kumene lero ndi Mbare, kapena ku Highfield, n'kumakagwira ntchito m'tauni ya azungu. Tsankho ndilo linamuika kutali, ndiye ankalipira yekha mtunda umene sanausankhe. Kukweza mtengo wa basi kunali kumulanga kawiri.

Kunyanyalako sikunathe mwaulemu ngati kwa ku Montgomery, kumene anthu anayenda pansi kwa masiku 381 mpaka khothi linathetsa tsankho m'mabasi. Ku Harari kunabuka zipolowe, ndipo amayi ena okhala pa hositelo anagwiriridwa ndi amuna amene ankati akumenyera ufulu. Agogo akafika pamenepa ankakhala chete kaye. Ine ndikuona kuti mbiri yonyadira kunyanyalaku koma osatchula amayiwa ndi yopereŵera.

M'chaka chomwecho cha 1956 boma la Southern Rhodesia linamuthamangitsa Chisiza m'dzikomo. Anakaphunzira ku Fircroft College ku Birmingham, ndipo mu 1958 anabwerera kudzakhala mlembi wamkulu wa Nyasaland African Congress pansi pa Dr Hastings Kamuzu Banda. Mu Malichi 1959 anamangidwa, n'kukatsekeredwa ku Gwelo limodzi ndi Banda, Henry Masauko Chipembere ndi mkulu wake Yatuta. Anatuluka mu Seputembala 1960, nakhala mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, ndipo chisankho cha 1961 chitatha anapatsidwa udindo mu unduna wa zachuma.

Chimene chimandikoka ine, monga wophunzira zolembalemba, n'chakuti munthuyu ankaganiza ndi cholembera. M'kabuku kake kotchedwa Africa: What Lies Ahead anachenjeza kuti atsogoleri omenyera ufulu angathe kusanduka olamulira mwankhanza. Analemba zimenezi ufulu usanabwere n'komwe, anzake ali pakati pa nyimbo ndi magule. Mu Julayi 1962 anakonza msonkhano wa akatswiri a zachuma ochokera m'maiko osiyanasiyana ku Blantyre.

Kumayambiriro kwa Seputembala 1962 galimoto yake inapezeka itagwa pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Anamwalira ali ndi zaka 32. Boma linati inali ngozi, koma manong'onong'o sanathe. Patangopita zaka ziwiri, mu 1964, nduna zinagalukira Banda, ndipo Yatuta anathawa m'dziko muno. Anaphedwa mu 1967 m'dera la Mwanza atabwerera ndi mfuti. Mwana wa Dunduzu, amene anabadwa bambo ake atamwalira kale, anatenga dzina lawo. Ndiye Du Chisiza Jr wa zisudzo za Wakhumbata, amene agogo ankamudziwa bwino kuposa mmene ankadziwira nduna zambiri.