Cecil Purdy, Katswiri wa Chess ya pa Kalata

Anzanga, bawo imatha dzuwa lisanalowe. Koma mukudziwa kuti kuli chess imene anthu amasewera kwa zaka, osaonana nkhope?

Cecil Purdy anabadwira ku Port Said, m'dziko la Egypt, pa 27 Malichi 1906, koma anakulira ku Australia. Chess anayamba kuilimbikira ali mnyamata ngati ifeyo. Vuto linali mtunda, poti akatswiri ambiri anali ku Ulaya. Ndiye ankalimbana nawo pa kalata. Munthu umalemba mmene wayendera kamodzi kokha, n'kuponya ku positi, basi n'kumadikira yankho masiku ambirimbiri, ngati mlimi wodikira mbande za fodya pa nazale. Ukalakwitsa, kalata yapita yapita, palibe kubweza.

Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa mtunduwu unayamba mu 1950, n'kutha mu 1953. Purdy ndiye anapambana. Pa chess yokhala maso ndi maso, anakhala katswiri wa Australia kanayi.

Anamwalira ku Sydney pa 6 Novembala 1979, atadwala mwadzidzidzi masewera ali mkati.

Inu mumadandaula kuti kuno ku Kasungu n'kutali ndi zonse, Purdy sanadikire kusamukira ku Ulaya ayi.