Dag Hammarskjöld

Dag Hammarskjöld (29 July 1905 – 18 September 1961) anali katswiri wa zachuma komanso kazembe wa ku Sweden. Iye anali mlembi wamkulu wachiwiri wa bungwe la United Nations (UN) kuyambira 1953 mpaka imfa yake.

Ubwana ndi ntchito

Anabadwira mumzinda wa Jönköping. Bambo ake, a Hjalmar Hammarskjöld, anali nduna yaikulu ya Sweden kuyambira 1914 mpaka 1917. Dag anaphunzira pa yunivesite ya Uppsala, ndipo mu 1936 anakhala mlembi wamkulu mu unduna wa zachuma. Kuyambira 1941 mpaka 1948 anali wapampando wa banki yaikulu ya dzikolo. Sanakwatire.

Ku United Nations

Analowa m'malo mwa Trygve Lie ali ndi zaka 47. Mu 1955 anapita ku Beijing kukakambirana zoti asilikali a ndege a ku America amasulidwe. Mu 1956, pa mkangano wa ngalande ya Suez, anathandiza kukhazikitsa gulu loyamba la asilikali a UN osungitsa mtendere. Mu 1960 Nikita Khrushchev wa Soviet Union anamuuza kuti atule pansi udindo chifukwa cha nkhani ya ku Congo, koma iye anakana.

Moyo wauzimu

Ngakhale ankakwera maudindo mofulumira, Hammarskjöld ankalemba mwachinsinsi za nkhondo ya mumtima mwake: kusungulumwa, kunyada ndiponso kulakalaka kutamandidwa. Ankawerenga mabuku a Meister Eckhart ndi Thomas à Kempis, komanso ankakonda kuyenda m'mapiri a Lapland. Sanaone kuti njira yopezera mtendere wamumtima ndi kusiya ntchito. M'malo mwake, ankatenga udindo ngati utumiki kwa Mulungu ndi kwa anthu. Mu 1957 anakonzetsa chipinda chosinkhasinkhiramo ku likulu la UN ku New York. Zolemba zakezo zinapezeka atamwalira, ndipo zinasindikizidwa mu 1963 m'buku lotchedwa Vägmärken.

Imfa

Anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola, ku Northern Rhodesia (lero Zambia), akupita kukakumana ndi Moïse Tshombe, mtsogoleri wa Katanga. Anthu onse 16 amene anali m'ndegemo anamwalira, ndipo chimene chinagwetsa ndegeyo anthu amatsutsanabe mpaka lero. Anaikidwa m'manda ku Uppsala. Chaka chomwecho anapatsidwa mphotho ya mtendere ya Nobel atamwalira kale. Pamalo a ngoziyo panamangidwa chikumbutso.