Moyo wa Charles Lwanga Woyera, Nkhoswe ya Achinyamata

Tsiku la 3 la mwezi wa Juni Eklezia yense akumbukira Charles Lwanga Woyera ndi anzake, amene anafera chipembedzo chawo m'dziko la Uganda. Ndiyo nyengo imene kuno ku mapiri a Dedza chisanu chalimba, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo anyamata achezera pamoto madzulo, popeza ntchito ya kumunda yachepa. Tayesa kuti nkwabwino kulongosola moyo wa munthu ameneyu, makamaka chifukwa cha inu amene mpingo wakuikizani ana ndi achinyamata. Pakuti Lwanga sanali wansembe, sanalinso mphunzitsi wa sukulu, koma mnyamata wamkulu pakati pa anyamata anzake, ndipo ntchito yake inali yonga yanu yomwe.

Anabadwa kufupi ndi chaka cha 1860 m'dera la Buddu, mu ufumu wa Buganda, m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Pfuko lake linali la Ngabi, ndiyo mbawala m'chinenero chathu. Akali mnyamata anatumikira mfumu yaing'ono dzina lake Mawulugungu, ndipo kumeneko anayamba kumva mawu a Mulungu kwa anzake a pantchito.

Mawuwo anafika m'dzikomo m'chaka cha 1879 ndi Bambo Siméon Lourdel ndi Brother Amans, a chipani cha White Fathers, chipani chomwecho chimene chinadzatsegula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902 ndi ya Bembeke m'chaka cha 1910. Koma m'chaka cha 1882 ansembe anachoka ku Buganda chifukwa cha mavuto, ndipo sanabwerenso kufikira chaka cha 1885. Nkhosa zinatsala zopanda mbusa zaka pafupifupi zitatu, koma sizinabalalike ayi. Amene anadziwa mapemphero anaphunzitsa osadziwa, amene anagwira katekisimu pamtima anabwerezera anzake. Ndipo pobwera ansembe anapeza ophunzira atachuluka koposa kale.

M'chaka cha 1884 mfumu yaikulu Mutesa inamwalira, ndipo mwana wake Mwanga analowa ufumu. Chaka chomwecho Lwanga anadza ku bwalo la mfumu. Kumeneko kunali anyamata mazana angapo, amene mafumu ang'onoang'ono anawapereka kuti atumikire m'nyumba za mfumu yaikulu. Anagona kumeneko, nadya kumeneko, kutali ndi amayi awo ndi atsibweni awo. Woyang'anira wawo anali Mkristu wolimba, Joseph Mukasa Balikuddembe. Iyeyu anaona kuti Lwanga ndi wofatsa ndi wokhulupirika, namuika akhale womthandiza, ayang'anire anyamata a m'nyumba yaikulu ya misonkhano. Lwanga anali wamphamvu, katswiri pa masewera ogwetsana, ndipo anyamata anamkonda ndi kummvera. Iye anagwiritsa ntchito chikondi chimenecho powaphunzitsa za Mulungu, kawirikawiri usiku, ntchito za mfumu zitatha.

Tsono Mwanga anali ndi khalidwe loipa la kuitana anyamatawo kuti achite nawo zonyansa, ndipo m'dziko lonse munalibe munthu woti nkukaniza mfumu kanthu. Mukasa ndi Lwanga anaphunzitsa ana awo kuti thupi la Mkristu ndi nyumba ya Mulungu. Ndipo mfumu ikaitana wina amene anamdera nkhawa, anamtuma kutali msanga, kapena kumbisa. Mfumu inazindikira, niyamba kudana ndi anthu opemphera.

M'mwezi wa Okutobala 1885 Mwanga anaphetsa James Hannington, episkopi wa Anglican, amene analikudza m'dzikomo. Mukasa anadzudzula mfumu pamaso chifukwa cha mwazi umenewo, ngakhale wophedwayo sanali wa mpingo wake. Ndipo pa 15 Novembala 1885 anamdula mutu, natentha mtembo wake. Lwanga anali asanabatizidwe, pakuti lamulo la ansembe linali lakuti munthu aphunzire zaka zinayi. Koma poona kuti imfa yayandikira, anapita ku mishoni pamodzi ndi anzake, nalandira ubatizo, natenga dzina la Charles. Udindo wa Mukasa pa anyamata unagwera iye, ndipo anausenza miyezi isanu ndi umodzi, akudziwa bwino kumene unafikitsa mnzake.

Pa 25 Meyi 1886, ku Munyonyo, mfumu inafuna mnyamata wina dzina lake Mwafu, nimva kuti Denis Ssebuggwawo analikumphunzitsa katekisimu. Inapsa mtima, nikantha Denis ndi mkondo, nimpereka kwa akupha. Usiku umenewo zipata zinatsekedwa, ndipo panalibe njira yofikira kwa ansembe. Charles anasonkhanitsa ana ake, napemphera nawo, nabatiza ndi dzanja lake ophunzira amene anaopa kuti angafe osabatizidwa. Mwa iwo munali Gyavira, Mugagga, Mbaga Tuzinde, ndi wamng'ono wa onse, Kizito, wa zaka ngati 14. Kizito anali ataulula kwa Charles kuti aopa kufooka pa nthawi ya mayeso, ndipo Charles anamlonjeza kuti adzamgwira dzanja, adzafera limodzi.

M'mawa mwake mfumu inasonkhanitsa anyamata onse, nilamula kuti opemphera apatuke aime paokha. Woyamba kunyamuka anali Charles, Kizito ali m'dzanja lake, ndipo enawo anatsata. Mfumu inawafunsa ngati afuna kukhalabe Akristu. Anavomera onse, ndipo inagamula kuti akatenthedwe. Bambo Lourdel, amene anathamangira ku bwalo kukawapepesera, anawaona akutuluka omangidwa, Kizito akuseka ngati apita ku masewera. Anawayendetsa kunka ku Namugongo, nawasunga m'magoli ngati sabata limodzi, akupha alikutema nkhuni ndi bango. Masiku onsewo anyamata anapemphera ndi kulimbitsana mitima. Mbaga Tuzinde anali mwana wa m'nyumba ya Mukaajanga, mkulu wa akupha, ndipo abale ake anamnyengerera kuti akane chipembedzo apulumuke; anakana, nabwerera kwa anzake.

Pa 3 Juni 1886, tsiku la Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, anawakulunga m'bango nawaika pa mulu wa nkhuni. Charles anampatula, namtentha payekha pang'onopang'ono, kuyambira ku mapazi; anapirira osatukwana womtenthayo, namwalira akutchula dzina la Mulungu, ali ndi zaka ngati 25. Akatolika amene Eklezia awawerenga m'gulu limeneli, ophedwa kuyambira 1885 kufikira 1887, alipo 22. Ndipo Akristu a Anglican 23 anafa nawo m'chizunzo chomwecho. Papa Benedict XV anawatcha Odala m'chaka cha 1920. Papa Pius XI anaika Charles Lwanga akhale nkhoswe ya achinyamata a mu Afrika m'chaka cha 1934. Ndipo Papa Paul VI anawalemba m'gulu la Oyera pa 18 Okutobala 1964.

Abale, tisayese kuti kulimba mtima kwa anyamata aja kunabadwa m'mawa wa chiweruzo. M'mera mpoyamba. Chimene chinaoneka ku Namugongo chinafesedwa kale, pa masiku wamba, ndi munthu amene anakhala nawo pafupi. Tiyeni tsono titolepo malangizo a ntchito yathu.

Choyamba, mtsogoleri wa achinyamata akhale pakati pawo. Charles anadya nawo, nasewera nawo, nadziwa mantha a yense. Amene aonana ndi ana ake Lamulungu lokha, ataima kutsogolo kwa tchalitchi, sadzamva zimene zinenedwa ku mphala. Pitani ku mpira wawo, khalani nawo pa bawo, athandizeni kufolera nyumba ya nkhalamba. Dziwani dzina la yense ndi khomo limene atuluka. Atsikana nawonso akhale ndi mayi kapena mtsikana wamkulu wa mbiri yabwino wowachitira chomwecho.

Chachiwiri, phunzitsani pang'ono, koma kosalekeza, osadikira wansembe. Maparishi athu ndi aakulu, ndipo matchalitchi ambiri a m'midzi salandira Misa sabata ndi sabata. Sankhani tsiku limodzi losasinthika. Yambani ndi pemphero, werengani Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, longosolani funso limodzi la katekisimu, ndipo lolani iwo afunse. Msonkhano waufupi wosaphonya uposa wautali wa kamodzikamodzi.

Chachitatu, tchinjirizani ana kwa akulu ofuna kuwaipsa. Mukasa ndi Charles anaima pakati pa mwana ndi mfumu. Ngati munthu wamkulu, kaya wachuma, kaya wachibale, kaya wa udindo mu mpingo momwe, anyenga mwana ndi ndalama kapena kumuopseza, musabise chifukwa cha ulemu. Mchotseni mwanayo pamenepo, uzani makolo ndi atsibweni, uzani Bambo Mfumu, ndipo mlandu wotere ufikenso kwa a boma. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachinayi, konzani wodzalowa m'malo mwanu. Mukasa ataphedwa ntchito sinaime, chifukwa Charles anali wokonzeka. Ndipo Denis, mnyamata wamng'ono, analikuphunzitsa kale mnzake. Kwathu kuno magulu ambiri afa pamene mtsogoleri akwatira napita kuchikamwini, kapena anka ku Lilongwe ndi ku Johannesburg kukafuna ntchito. Patsani ang'ono udindo mukali pomwepo: uyu atsogolere korona, uyo ayambitse nyimbo, winayo asunge ndalama za gulu ndi kuziwerenga poyera.

Chachisanu, chimene muuza ana kuti achite, yambani ndinu. Mtsogoleri woletsa kachasu amene apezeka pa mowa Loweruka wagwetsa ndi phazi chimene anamanga ndi manja. Ndipo monga Charles ananyamuka atagwira Kizito, yang'anirani koposa wamng'ono, wamasiye, ndi wamanyazi amene akhala kumbuyo osalankhula.

Musanyoze ntchito imeneyi poyesa kuti ndi ya ana chabe. Cornelius Chitsulo, mwana wa ku Mua, anayamba ngati mmodzi wa ana ophunzira katekisimu. M'chaka cha 1937 anakhala wansembe woyamba wa dziko lino, ndipo m'chaka cha 1957 anadzozedwa episkopi kuti awete nkhosa za kuno ku Dedza. Seminale yathu ya ang'ono itchedwa ndi dzina la Kizito, mwana uja anagwiridwa dzanja. Sitidziwa chimene Mulungu afuna kuchita ndi mnyamata amene aotha moto pakhomo pathu madzulo ano. Chathu ndi kukhala naye pafupi ndi kumphunzitsa nthawi ikalipo. Charles Lwanga Woyera atipempherere, ife ndi ana athu.