Mayi Fannie Lou Hamer: Adagonja Pachipulula Koma Sadafooke

Amayi anzathu, nyengo ya zisankho zachipulula ikafika, ambirife timangovina ndi kulandira nsalu, mpikisano n'kusiyira abambo. Tiyeni tikumbukire Mayi Fannie Lou Hamer a ku Mississippi, m'dziko la America.

Iwo adabadwa m'chaka cha 1917, chitsiriza m'banja la ana 20, ndipo adayamba kutola thonje ali ndi zaka 6. Mu 1962 adapita ku Indianola kukalembetsa kuti azivota. Mzungu mwini esiteti atamva, adawathamangitsa pamalo pomwe adagwira ntchito zaka 18. Chaka chotsatira adamangidwa ku Winona ndi kumenyedwa m'chitokosi mpaka impso kuwonongeka.

Popeza chipani cha Democratic kwawoko chinkatsekereza anthu akuda, mu 1964 mayiwa ndi anzawo adakhazikitsa Mississippi Freedom Democratic Party. Chaka chomwecho adaima pachipulula cha Democratic kulimbirana mpando wa kunyumba ya malamulo ndi Jamie Whitten, phungu wa deralo kuyambira 1941. Ankachititsa misonkhano akuyimba nyimbo zauzimu, ngakhale ambiri omwe akadawavotera adali atakanizidwa kulembetsa. Adagonja.

Komabe sadasiye. Mu 1968 adakalowa mumsonkhano waukulu wa Democratic ku Chicago ngati nthumwi yovomerezeka. Adamwalira pa 14 March 1977.

Mayiwa adamenyedwa chifukwa cha voti. Ife amene timalembetsa mwaufulu, tisathere pa kuvina pokha: tipite kuchipulula, tifunse mafunso, ndipo mnzathu akaima, tiime kumbuyo kwake.