Sir Gilbert Walker ndi Mzere Wolosera Nyengo

Mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri m'boma la Mchinji sasowa buku kuti adziwe kuti Juni ndi mwezi wachisanu ndipo Okutobala ndi wadzuwa loswa mtengo. Chomsowetsa tulo n'chakuti kodi dzinja likudzali mvula idzakwana? Mmodzi mwa anthu amene analimbana ndi funso lotereli ndi Sir Gilbert Walker.

A Walker anabadwa m'chaka cha 1868 ku Rochdale, ku Mangalande. Anaphunzira masamu ku Cambridge, kumene anaposa anzawo onse pamayeso a 1889. M'chaka cha 1904 anakhala mkulu woyang'anira zanyengo ku India, dziko limene linali likulirabe anthu ake ofa ndi njala ya 1899 ndi 1900, mvula itakana.

Pokhala katswiri wa masamu, iwo anasonkhanitsa ziwerengero za zaka zambiri za kutentha, mvula ndi kulemera kwa mpweya kuchokera kumaiko akutali. Njira yawo, yotchedwa regression, ili motere: chaka chilichonse chimakhala kadontho papepala, kosonyeza zinthu ziwiri, monga kutentha kwa dera lina ndi mvula imene inatsatira ku India. Kenaka munthu amajambula mzere wowongoka wodutsa pafupi ndi timadontho tonse, n'kumalosera nawo zam'tsogolo. Potero anapeza kuti mpweya ukalemera ku nyanja ya Pacific umapepuka ku nyanja ya India, monga mbale ziwiri za sikelo, ndipo kusinthanaku anakutcha Southern Oscillation.

Komatu mzerewu uli ndi malire. Mwana wasukulu atalemba kutentha kwa pa Mchinji kuyambira Julayi kufikira Okutobala n'kupitiriza mzere wake, angalosere kuti Juni wotsatira adzakhala ng'anjo yamoto, chonsecho nyengo imazungulira n'kubwerera. N'chifukwa chake a Walker ankayerekeza nyengo ya chaka china ndi nyengo yomweyo ya zaka zina. Anachenjezanso kuti woyerekeza zinthu zambirimbiri amapeza zina zikugwirizana mwangozi chabe. Ngakhale zinali choncho, ina mwa mizere yawo inaleka kulosera molondola m'zaka zotsatira, pakuti mzere umangosonyeza kuti zinthu zinayendera limodzi kale, koma sunena chifukwa chake.

Atachoka ku India m'chaka cha 1924 anakaphunzitsa ku Imperial College ku London, ndipo anamwalira m'chaka cha 1958 chifukwacho chisanadziwike. M'chaka cha 1969 Jacob Bjerknes anafotokoza kuti sikelo ija imayendera limodzi ndi kufunda kwa madzi a kummawa kwa Pacific, kumene timati El Niño. Chilala cha 1992, cha 2016 ndi cha 2024 chinagwa m'Malawi m'nyengo zoterezi. Tsono wophunzira masamu akajambula mzere wake, azidzifunsa kuti ziwerengero zake zalekezera pati, ndipo n'chiyani chikuzichititsa.