Gabriel Dirac, katswiri wa madontho ndi mizere

Amene timakonda fizikisi tikamva dzina la Dirac timaganiza za Paul Dirac, Mngelezi amene analandira mphoto ya Nobel mu 1933. Komatu pakhomo pa Paul panakulira Dirac wina, mwana wopeza, amene ntchito yake ikutikhudza ife amene mawa lino tidzapatsidwa choko ndi udindo wokonza ndandanda ya maphunziro.

Gabriel Andrew Dirac anabadwira ku Budapest, m'dziko la Hungary, pa 13 Malichi 1925. Bambo ake omubereka anali Richárd Balázs, mayi ake Margit Wigner. Banjalo litatha, Margit anakwatiwa ndi Paul Dirac mu 1937, ndipo Gabriel anasamukira ku England n'kutenga dzina la bambo omupezawo. Malume ake, Eugene Wigner, nawonso anadzalandira Nobel ya fizikisi mu 1963. Mwana wa pakhomo lotere tikanayembekeza kuti alondola mapazi a akuluakuluwo. Iye anapita kwina.

Anayamba masamu ku St John's College, Cambridge, mu 1942, koma nkhondo inamudukiza ndipo anakagwira ntchito kumakampani opanga ndege. Digiri ya PhD anaipeza mu 1951 ku yunivesite ya London, pansi pa Richard Rado. Nthambi imene anasankha ndi ya magalafu, imene nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankaiona ngati masewera a ndagi, osati masamu a anthu akuluakulu.

Galafu ya Dirac si ija tinkajambula ku sekondale poonetsa mvula ya mwezi ndi mwezi. Iyi ndi madontho chabe ndi mizere yowalumikiza. Dontho likhoza kuimira munthu, mzere n'kuimira kudziwana. Mu 1952 iye anatsimikizira mfundo imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Tiifotokoze chonchi: pakhale anthu 20, aliyense akudziwana ndi anthu osachepera 10 mwa anzakewo. Dirac anaonetsa kuti n'zotheka ndithu kuwakhazika onse mozungulira tebulo limodzi, aliyense ali ndi womudziwa kumanja ndi kumanzere.

Koma ntchito imene ife yatikoka mtima ndi ya 1961, imene inatuluka m'magazini ya masamu ya ku Hamburg. Inali yokhudza magalafu amene lero amatchedwa chordal graphs. Iye ankawatcha rigid circuit graphs, ndipo dzinali kalipentala aliyense angalimve. Mukakhoma matabwa anayi kukhala felemu, imagwedera. Mukakhomapo thabwa lopingasa kuchoka pakona kufika pakona, yalimba, chifukwa yasanduka timakona atatu tiwiri. Galafu ya mtunduwu ndi yotero: paliponse pamene madontho anayi kapena oposerapo apanga mkombero, pamakhala mzere wodutsa pakati wolumikiza awiri amene sanayandikane.

Dirac anapeza kuti m'galafu yotere simulephera kupezeka dontho limene anansi ake onse ndi olumikizana okhaokha. Ndipo ngati si madontho onse amene ali olumikizana, madontho otere amakhalapo awiri kapena kuposa, ena mwa iwo osakhudzana. Zikumveka zazing'ono, koma taonani zotsatira zake. Dontho lija mukalichotsa, zotsalazo zimakhalabe galafu ya mtundu womwewo, choncho mupezanso lina, muchotse, mpaka onse atha, ngati kusenda kabichi tsamba ndi tsamba. Fulkerson ndi Gross anailongosola bwino njirayi mu 1965, ndipo mu 1976 Rose, Tarjan ndi Lueker anapeza mmene kompyuta ingaichitire mofulumira kwambiri.

Apa ndiye pamene mphunzitsi ayenera kutchera khutu. Tiyerekeze kuti phunziro lililonse pakoleji lili ndi nthawi yake yoyambira ndi yothera, ndipo tikufuna kudziwa zipinda zimene zikufunika. Phunziro likhale dontho, mzere ulumikize maphunziro awiri amene nthawi zawo zikuwombana. Galafu yotuluka apa nthawi zonse ndi chordal. Tichotse madontho limodzilimodzi monga tanenera, kenaka tiwabwezere kuyambira lomaliza, lililonse tikulipatsa chipinda choyamba chimene anansi ake sanatenge. Tikatero zipinda sizidzapitirira chiwerengero cha maphunziro amene amachitikira pamodzi pa nthawi yothinana kwambiri. Ngati pa nthawi imeneyo pali maphunziro 7, zipinda 7 zikwanira tsiku lonse, ndipo palibe wanzeru amene angachepetsepo.

Tisanamizane, si ndandanda iliyonse imene imagonja chonchi. Ya mayeso, imene mzere umatanthauza kuti pali wophunzira amene akulemba mapepala onse awiri, kawirikawiri siikhala chordal, ndipo mpaka lero palibe amene anapeza njira yachangu yothetsera magalafu a mtundu uliwonse. N'chifukwa chake kudziwa kuti vuto lili m'gulu la Dirac n'kopindulitsa: umadziwiratu ngati ntchitoyo ndi ya ola limodzi kapena yogonera. Nzeru yomweyi imagwiranso ntchito pamene makompyuta akuthetsa masamu akuluakulu a mainjiniya.

Mwini wakeyo anachedwa kupeza pokhazikika. Anaphunzitsa ku England, Toronto, Vienna, Hamburg ndi Ilmenau. Kuyambira 1964 mpaka 1966 anali pulofesa wa masamu ku Trinity College, Dublin, kenaka anapita ku Swansea. Mu 1970, ali ndi zaka 45, ndi pamene anakhazikika ku Aarhus, m'dziko la Denmark. Funso lina limene analisiya mu 1951, lokhudza mizere yodutsa pa madontho awiri okha, linadikira mpaka 2013 pamene Ben Green ndi Terence Tao anaonetsa kuti iye ankalondola ngati madonthowo ali ochuluka kwambiri.

Gabriel Dirac anamwalira pa 20 Julaye 1984 ku Arlesheim, m'dziko la Switzerland, ali ndi zaka 59. Paul Dirac, bambo omupeza aja, anatsatira pa 20 Okutobala chaka chomwecho.